Chanel kapena Dior: telala aphunzire kwa ndani, wogula aike ndalama pati?

Amayi ambiri amene amafika pamakina panga atanyamula chithunzi pafoni amafuna chinthu chimodzi: bulauzi yogwira m'chiuno, yotambasuka pang'ono pamahipi, ndi siketi yaitali yogwa mwaulemu. Akamaloza chithunzicho sadziwa kuti akuitanitsa Dior. Ena, makamaka a m'maofesi ndi aphunzitsi, amafuna kajekete kafupi kopanda kolala, kowongoka, ka matumba kutsogolo, koti munthu n'kukwera nako minibasi kapena kulemba nako pabolodi osamva kufinyidwa m'khwapa. Amenewo akuitanitsa Chanel. Ine ndinasoka mitundu iwiri yonseyi kwa zaka ndithu ndisanadziwe kuti kumbuyo kwake kuli anthu awiri a ku France amene ankaliona mosiyana kotheratu thupi la mkazi. Ndiye ndati tiwayale pathebulo limodzi lodulira, ife osoka ndi inu ogula, tione kuti wina akumuposa mnzake pati.

Gabrielle Chanel, amene dziko linadzamudziwa kuti Coco, anabadwa mu 1883 ku Saumur m'banja losauka. Bambo ake ankayenda m'misika kugulitsa zovala, mayi ake anamwalira iye ali ndi zaka 11, ndipo singano anaidziwa ali mtsikana chifukwa ndi imene inkamudyetsa. Christian Dior anabadwa mu 1905 ku Granville, m'mphepete mwa nyanja ku Normandy, pakhomo pa mwanaalirenji, bambo ake ali ndi fakitale ya feteleza. Anakula akuyang'ana maluwa a m'dimba la mayi ake, ndipo malonda ake oyamba anali ogulitsa zojambulajambula m'kasitolo kamene bambo ake anamupatsira mpamba mu 1928. Chuma cha banjalo chinagwa mu 1931, chaka chomwe mayi ake anamwalira. Umphawi utamupeza m'pamene anayamba kujambula masitayelo a zipewa ndi madiresi n'kumagulitsa kuti apeze podyera.

Kusiyana kwa makulidwe kumeneku kunalowa mpaka m'kagwiridwe ka ntchito. Chanel sankajambula. Ankayenda ndi sizasi yolendewera pachingwe m'khosi, n'kumadula, kuphwasula ndi kubaya mapini pathupi la mtsikana woyesa zovala. Mkono umodzi wa jekete ankatha kuusomola kangapo mpaka mtsikanayo akweze dzanja jeketeyo osakwera naye. Dior anali wa pensulo. Ankakadzitsekera kunyumba yake yakumudzi n'kubwerako ndi mulu wa zojambula, akuluakulu a m'zipinda zosokera n'kuzisandutsa zovala za nsalu yoyera yoyesera, iye n'kumaloza ndi kandodo pofunika kukonza. Wina ankayambira pathupi kuti apeze chovala, mnzake ankayambira pa chithunzi n'kuitana thupi kuti lilowemo. Amene wagwirapo tepi ndi choko amvetsa kuti nkhani yonse yagona pamenepa.

Chanel anayamba ndi zipewa mu 1910, pa nambala 21 rue Cambon ku Paris, ndi mpamba wochokera kwa bwenzi lake la ku England, Arthur Capel. Mu 1913 anatsegula sitolo ku Deauville, mu 1915 ina ku Biarritz. Masiku amenewo mkazi wolemera ankamangidwa m'chiuno ndi chovala cham'kati cholimbitsidwa ndi timafupa, chokokedwa ndi zingwe kumsana, moti kuvala kokha kunkafuna wantchito womuthandiza. Chanel sanali woyamba kuchitaya chimenechi, wokonza zovala wina, Paul Poiret, anali atayamba kale, koma iye ndiye anapeza cholowa m'malo mwake choti mkazi n'kutandala nacho tsiku lonse. Anatenga jersey, nsalu yoluka yotamuka imene anthu ankaiona ngati yoyenera zovala zam'kati za abambo, n'kusokera madiresi ndi majekete omasuka. Nkhondo Yoyamba ya Padziko Lonse inali mkati, nsalu zapamwamba zikusowa, akazi akugwira ntchito zimene amuna anasiya, ndipo zovala zakezo zinagwera m'nyengo yake. Mu 1926 magazini ya Vogue ya ku America inaonetsa kadiresi kake kakuda kopanda zokometsera n'kukayerekeza ndi galimoto ya Ford, kutanthauza kuti aliyense adzakhala nako. Kumbukirani kuti chakuda panthawiyo chinali cha anamfedwa ndi antchito a m'nyumba.

Dior anafika mochedwa koma mwamkokomo. Anali atagwirapo ntchito kwa okonza zovala a ku Paris, Robert Piguet ndi Lucien Lelong, pamene Marcel Boussac, mpondamatiki wa mafakitale a nsalu za thonje, anamupatsa ndalama zotsegulira nyumba yakeyake pa nambala 30 avenue Montaigne kumapeto kwa 1946. Pa 12 Febuluwale 1947 anaonetsa zovala zake zoyamba: mapewa ogwa mozungulira, chiuno chothina kwambiri, mahipi otukuka, siketi yodzaza nsalu yofika pakati pa bondo ndi kakolo. Carmel Snow, mkonzi wa magazini ya Harper's Bazaar, ndiye anazitcha New Look, dzina n'kumata. Nkhondo yachiwiri inali itangotha kumene, nsalu ikugulidwa ndi makuponi, akazi atakhala zaka m'masiketi afupiafupi ndi majekete a mapewa ngati a msilikali. Ndiye wina akutulutsa siketi yodya mayadi 20, omwe kwathu kuno ndi zitenje 9 pa siketi imodzi. Ambiri anasangalala poona kuti masiku osowa akutha, ena anakwiya. Ku America akazi anayambitsa gulu lotchedwa Little Below the Knee Club pokana masiketi ataliwo. Kwa Boussac, amene malonda ake anali nsalu, fashoni yodya nsalu yochuluka chotero inali phindu lenileni.

Tsopano titembenuze zovalazo kunsi, poti telala saweruza chovala poona kunja. Jekete yotchuka ya Dior ya 1947, yotchedwa Bar, ndi ya silika wotuwira ngati mkaka, yovalira siketi yakuda ya ubweya yopindidwa mizere ing'onoing'ono. Kunja imaoneka yofewa. M'kati ndi nyumba yomangidwa: nsalu yolimbitsira pachifuwa ndi m'mbali, misoko yambiri yotolera chiuno, ndi timapilo tosokeredwa pamahipi kuti m'munsi mwa jekete muime patali ndi thupi. Chiuno chimaoneka chaching'ono chifukwa chathina, komanso chifukwa mahipi akulitsidwa, moti diso limanyengedwa kawiri. Madiresi ake ankakhala ndi chogwirira chifuwa ndi chiuno chosokeredwa m'kati momwemo, pansi pake mapitikoti angapo a nsalu ya neti. Ena mwa madiresi amenewa ukawaimika pansi amatsala pang'ono kuima okha. Pierre Cardin, amene anadzatchuka payekha pambuyo pake, anali m'chipinda chosokera majekete cha Dior m'masiku amenewo.

Jekete ya Chanel imene timaidziwa lero inabwera pambuyo, ndipo inabwera kudzayankha. Mayiyu anali atatseka nyumba yake ya zovala mu 1939. Anabwerera pa 5 Febuluwale 1954 ali ndi zaka 70, ndipo sankabisa kuti zovala zomanga akazi ngati mtolo wa nkhuni zinkamunyansa. Atolankhani a ku Paris anamunyogodola kuti ndi gogo wotsalira, koma akazi a ku America anagula. Jeketeyo ndi ya tweed, nsalu ya ubweya yoluka motayirira imene anaikonda m'zaka za m'ma 1920 poona zovala za Duke of Westminster, mkulu wina wolemera wa ku Britain, ku Scotland. Mulibe cholimbitsira chilichonse. Layiningi ya silika imasokeredwa ku nsalu yakunja ndi mizere yotsika, kuti nsalu ziwirizo ziziyenda ngati imodzi ndipo tweed isatamuke n'kupunduka. M'khwapa mumadulidwa m'mwamba komanso mothina. Ambiri amaganiza kuti zimenezo zimafinya, pamene zoona zake n'zakuti zimamasula dzanja: ukakweza mkono, thupi la jekete limatsala pamalo pake. Mkono umadulidwa zidutswa zitatu kuti utsatire kupindika kwa chigongono. Mumpendero, cham'kati, mumasokeredwa katcheni kachitsulo kopatsa jeketeyo kulemera kuti izigwa chowongoka. M'mphepete monse mumayenda nthambo yoluka, matumba ndi enieni oti n'kupisamo dzanja, ndipo mabatani ndi omangadi, osati ongokometsera.

Kunena chilungamo monga telala, nzeru ya Dior ndi yosavuta kuitengera. Chitenje chathu n'cholimba, chimamva simbi, chimasunga mpindo. Ukachitolera bwino m'chiuno n'kuchipatsa kachigawo kotambasuka pamahipi, chimaima chokha popanda timapilo. N'chifukwa chake masitayelo a chinkhoswe ndi a akuchikazi paukwati amayenda m'njira imeneyo, ndipo amawakhala amayi athu chifukwa mahipi amene Dior ankachita kupanga, ambiri ali nawo kale. Kasitomala akadziona pagalasi amamwetulira pompo. Koma mukamufunse madzulo, atavina perekaniperekani, atagwada popereka mbale kwa apongozi, atakhala pampando wa pulasitiki kuyambira m'mawa m'dzuwa la Okutobala. Zipi imakhala ikulira. Ndipo akanenepa pang'ono, kapena akabereka, chovalacho chimalowa m'sutikesi osatulukanso.

Ya Chanel ndi yovuta, ndipo thukuta lake silioneka. Chitenje sichigwirizana nayo kwenikweni chifukwa imafuna nsalu yofewa, moti ine ndimaipeza pophwasula makhoti akuluakulu a ubweya a pakaunjika. Ndinayesa koyamba pa kajekete ka mng'ono wanga. Ntchito imene ndimamaliza tsiku limodzi inandidyera masiku anayi, mzere uliwonse wa layiningi ndikuuyamba ndi ulusi wam'manja ndisanapite pamakina, mpendero n'kuulemetsa ndi katcheni ka chikwama chakutha. Palibe amene anamuimitsa panjira kufunsa kuti wasoka ndani. Koma chino ndi chaka chachisanu akukavalabe kuntchito, ndipo sikanapotoke ngakhale phewa limodzi. Kwa ine umenewu ndi umboni wolemera kuposa nthungululu za tsiku limodzi. Wophunzira kusoka ayambe ndi Dior kuti adziwe kulamula nsalu, koma akafuna kudziwa kumvera thupi apite kwa Chanel. Ambiri a ife timaima pa sitepe yoyamba ija chifukwa ndi imene imalipira msanga.

Pali chinthu chimene chimandilemera mumtima, ndipo sindichiphimba ndi layiningi. Ndimakonda ntchito ya manja a Chanel, koma mbiri yake ya nthawi ya nkhondo ndi yoipa. Asilikali a Germany atalanda Paris mu 1940, iye anapitiriza kukhala mu hotela ya Ritz, mmene munadzaza akuluakulu a asilikaliwo, ali paubwenzi ndi Hans Günther von Dincklage, kazitape wa Germany. Zikalata zimene zinapezeka pambuyo pake zimaonetsa kuti dzina lake linalembedwa m'kaundula wa bungwe la akazitape a Germany la Abwehr. Choipitsitsa kwa ine ndi cha mafuta onunkhira. Mu 1924 anagwirizana ndi anthu awiri apachibale, Pierre ndi Paul Wertheimer, kuti azipanga ndi kugulitsa Chanel No 5. Iwo anatenga magawo 70 pa 100, Théophile Bader wa sitolo ya Galeries Lafayette anatenga 20, Chanel n'kutsala ndi 10. Ankadandaula kuti anamudyera masuku pamutu, ndipo mwina dandaulo lakelo linali lomveka. Koma njira imene anasankha inali yotsamira malamulo a chipani cha Nazi, chimene chinkalamula Germany, olanda katundu wa Ayuda, poti a Wertheimer anali Ayuda ndipo anali atathawira ku America. Sizinatheke chifukwa iwo anali atalembetsa kale kampaniyo m'dzina la Félix Amiot, wopanga ndege amene sanali Myuda, yemwe anawabwezera nkhondo itatha. Paris itamasulidwa mu 1944 Chanel anafunsidwa mafunso n'kusiyidwa, kenako anakakhala ku Switzerland.

Dior naye sanali woyera mbee. Kwa Lelong ankajambula zovala zimene zina zinkavalidwa ndi akazi a akuluakulu a Nazi ndi a anthu a ku France ogwirizana nawo. Koma mlongo wake wamng'ono, Catherine, analowa gulu lolimbana ndi adaniwo mobisa, anagwidwa mu 1944, anazunzidwa, anatumizidwa ku msasa wa ukaidi wa Ravensbrück, ndipo anabwerako wamoyo mu 1945. Dzina la mafuta a Miss Dior, a 1947, limamangiriridwa kwa iyeyu. Pambali iyi sikelo siivuta kuwerenga.

Amene analipira kubwerera kwa Chanel mu 1954 anali Pierre Wertheimer yemwe uja. Anatenga kampani yonse, n'kumamulipirira mayiyo zofunika zake mpaka imfa yake mu Januwale 1971, ali ndi zaka 87, m'chipinda chake ku Ritz. Mpaka lero nyumbayi ndi ya adzukulu a Pierre, Alain ndi Gérard Wertheimer. Siili pamsika wa masheya, ndipo palibe wowathamangitsa. Zimenezi zimaonekera m'mene amasinthira okonza zovala. Karl Lagerfeld anabwera mu 1983, nyumbayo itayamba kuoneka ya amayi achikulire okhaokha, ndipo anakhala zaka 36 mpaka anamwalira mu 2019. Sanataye kalikonse ka mayi uja: tweed, tcheni, ngale, duwa la camellia, zakuda ndi zoyera, zilembo za C ziwiri zokolowekana. Ankangozifupikitsa, kuzikulitsa, kuzitembenuza chaka ndi chaka. Analowa m'malo mwake ndi Virginie Viard, amene anagwira naye ntchito zaka zoposa 30, ndipo iyeyu atachoka mu 2024 anasankha Matthieu Blazy.

Dior mwini wake analamula zaka khumi zokha. Nyengo iliyonse ankasintha kaimidwe ka chovala, ka chilembo H mu 1954, ka A ndi ka Y mu 1955, moti diresi la chaka chatha linkakalamba likadali latsopano. Anamwalira mwadzidzidzi ndi mtima ku Montecatini, ku Italy, mu Okutobala 1957 ali ndi zaka 52. Mpando unagwera mnyamata wa zaka 21 wobadwira ku Oran ku Algeria, Yves Saint Laurent, amene mu Januwale 1958 anamasula chiuno chija ndi sitayelo ya Trapèze. Kuchokera apo mayina akhala akusinthana. Marc Bohan anakhalitsa, kuyambira 1960 mpaka 1989. Anabwera Gianfranco Ferré, kenako John Galliano amene anasandutsa ziwonetsero kukhala zisudzo mpaka anachotsedwa mu 2011 atanyoza Ayuda m'bala ina ku Paris. Anatsatira Raf Simons, ndiye Maria Grazia Chiuri mu 2016, mkazi woyamba pampandowo, ndi Jonathan Anderson mu 2025. Umwini nawo unayenda. Chuma cha Boussac chinagwa mu 1978, ndipo mu 1984 Bernard Arnault anagula zotsala zake maso ali pa Dior. Kuchokera pamenepo anakula mpaka kulamulira LVMH, gulu lomwe mulinso Louis Vuitton, Givenchy, Fendi ndi Celine. Mwana wake, Delphine Arnault, ndiye akuyendetsa Dior kuyambira 2023.

Kwa wogula, zonsezi zimabala chinthu chooneka. Jekete ya Chanel ya 1965, ya 1995 ndi ya chaka chino zikhoza kupachikidwa pamodzi ngati ana a mimba imodzi. Za Dior zimaulula zaka zake: ya Galliano ndi ya Simons n'zovuta kukhulupirira kuti zinatulukira khomo limodzi. Wokonda zatsopano asangalala ndi Dior, wofuna kugula kamodzi n'kudzasiyira mwana wake ali bwino kwa Chanel. Komabe kubwerezabwereza nako kumatopetsa. Pali nyengo zimene zithunzi za chiwonetsero cha Chanel ndimangozidutsa ndi chala, pamene Dior ngakhale ikaphonya imaphonya ikuyesa china, ndipo telala amatolapo kanthu.

Anzanga oyenda m'misika ya kaunjika, ichi chikuthandizani. Dior ndi mmodzi mwa oyamba kubwereketsa dzina lake kwa mafakitale ena: anayamba ndi masokosi aatali a akazi ndi mataye cha m'ma 1950, ndipo pofika m'ma 1980 ziphaso zoterezi zinali zitachuluka kwambiri, mpaka Arnault anazidula. Choncho mukatola taye kapena malaya akale olembedwa Christian Dior Monsieur m'belo, nthawi zambiri si achinyengo, koma sanasokedwenso ku avenue Montaigne. Anasokedwa ndi fakitale imene inagula chilolezo cha dzinalo. Ndi malaya abwino, agulen'ni pamtengo wa malaya abwino. Chanel sanamwaze dzina lake motero pa zovala, ndipo mpaka pano zovala ndi zikwama zake amagulitsa m'masitolo ake, osati pa intaneti. Tisheti ya ma C awiri yoyalidwa pansi pamsika, kapena chikwama chatsopano chimene wina akutsatsa pa WhatsApp, musachite kufunsa.

Pa zikwama mkangano uja umabweranso. Cha Chanel chotchedwa 2.55 chinatuluka mu Febuluwale 1955, dzinalo ndi mwezi ndi chaka. Nzeru yake ndi ya jekete yomwe ija: lamba wa tcheni wokoleka paphewa kuti manja atsale omasuka, chikopa chosokedwa mizere yopingasana kuti chisapunduke, kathumba kumbuyo kopisamo mwachangu. Chotsekera cha ma C awiri chinabwera m'nthawi ya Lagerfeld. Chotchuka cha Dior ndi Lady Dior. Mu 1995 Bernadette Chirac, mkazi wa pulezidenti wa France, anapatsa Princess Diana chikwama chatsopano cha nyumbayi, ndipo Diana anachinyamula kwambiri moti chinatchedwa dzina lomulemekeza. N'cholimba, cha makona anayi, cha zogwirira ziwiri zozungulira, ndipo msoko wake umatsanzira kalukidwe ka mipando imene alendo ankakhalira pa ziwonetsero za Dior. China ndi choyenda nacho, china ndi cholowa nacho pamwambo. Pogulitsanso, cha Chanel chimasunga mtengo kuposa cha Dior. Koma mtengowo ndi umene umandipweteka. Chikwama chapakati cha ma C awiri chinadutsa madola 10,000 a ku America mu 2023, pamene mu 2019 chinali chisanafike 6,000. Chikopa sichinasinthe chotero, misoko sinachuluke kawiri. Chinthu chimene chinapangidwa kuti chitumikire mkazi woyendayenda tsopano chikusungidwa m'bokosi ngati puloti yodikira kukwera mtengo.

Ine funso langa limapita kwa amene wagwira singano. Apa Chanel yachita chinthu chimene ndimachilemekeza. Kuyambira m'ma 1980 yakhala ikugula timakampani ta amisiri timene tinali pafupi kufa: Desrues wa mabatani, Lemarié wa nthenga ndi maluwa a nsalu, Maison Michel wa zipewa, Massaro wa nsapato, Lesage wopeta nsalu. Ambiri a iwo inawasonkhanitsa m'nyumba imodzi yotchedwa le19M kumalire a Paris, ndipo amaloledwa kusokeranso nyumba zina. Luso limene likanapita kumanda ndi akuluakulu likuphunzitsidwa kwa achinyamata. Izi zikuchitika m'dzina la mayi amene mu 1936 analimbana ndi antchito ake atanyanyala, ndipo potseka mu 1939 anasiya masauzande opanda ntchito. Dior ili ndi zipinda zake zosokera zapamwamba ku avenue Montaigne, china cha zovala zofewa, china cha majekete, ndipo ntchito yake yam'manja palibe angaiderere. Koma mu 2024 khoti la ku Milan linaika nthambi yake ina ya ku Italy pansi pa woyang'anira wa khoti, apolisi atapeza kuti m'mafakitale ang'onoang'ono opatsidwa ntchito anthu ankagona momwemo ndipo zotetezera pamakina zinali zitachotsedwa kuti ntchito ithamange. Zikalata za mlanduwo zinaonetsa chikwama cholumikizidwa pa ma euro 53, osawerengera chikopa, chikugulitsidwa 2,600 m'sitolo. Khotilo linachotsa ulamulirowo kumayambiriro kwa 2025 kampaniyo itakonza zina. Monga munthu wodziwa kupweteka kwa msana wa pamakina, nkhani imeneyi sinandichoke.

Nyumba zonse ziwiri zapondako ku Africa posachedwa, mosiyana. Mu Epulo 2019 Dior inachitira chiwonetsero ku Marrakech, ku Morocco, ndipo Chiuri anagwiritsa ntchito nsalu ya mtundu wa chitenje yodindidwa ndi fakitale ya Uniwax ku Abidjan, ku Côte d'Ivoire. Anaitananso Pathé'O, telala wa ku Abidjan komweko amene ankasokera Nelson Mandela malaya. Kuona jekete ya Bar itasokedwa ndi nsalu yofanana ndi imene ili pashelefu yanga kunandigwira mtima, ngakhale ndikudziwa kuti Uniwax panthawiyo inali ya gulu la Vlisco la ku Netherlands, ndipo phindu lalikulu silinatsale kuno. Chanel inapita ku Dakar, ku Senegal, mu Disembala 2022, n'kuchitira chiwonetsero cha amisiri ake m'nyumba yakale ya khoti. Inabwera ndi ovina ndi oimba a komweko, koma zovalazo zinali za tweed ndi mikanda ya ku Paris monga mwa nthawi zonse. Apa Dior inayandikira kwambiri, chifukwa inagwira nsalu yeniyeniyo.

Ambiri a ife tikadzagwira chinthu chenicheni cha nyumba zimenezi, chidzakhala botolo la mafuta onunkhira, mwina lobwera ndi m'bale wochokera ku Johannesburg kapena ku London. Chanel No 5, yosakanizidwa ndi Ernest Beaux mu 1921, imanunkhira ngati sopo wabwino ndi paudala pamwamba pa maluwa. Atsikana ambiri amati ndi ya amayi awo, ndipo amathamangira Coco Mademoiselle ya 2001 kapena J'adore ya Dior ya 1999. Kwa abambo mpikisano uli pakati pa Bleu de Chanel ya 2010 ndi Sauvage ya Dior ya 2015. Sauvage imalowa m'chipinda mwini wake asanalowe, ndipo m'kutentha kwathu kuno kupopera kawiri n'kokwanira. Bleu imakhala pafupi ndi khungu, imamveka kwa amene wayandikira, moti ya kuofesi ndi kutchalitchi ine ndingasankhe imeneyo. Musagule mwa kununkhiza chivundikiro. Poperani pamkono, pitani mukagwire ntchito zanu, mukanunkhize patapita maola atatu thukuta litasakanikirana nayo. Mabotolo enieni a mitundu iwiri ya abamboyi ali ndi zivundikiro zamaginito zodzikokera zokha, ndipo nambala ya pansi pa botolo iyenera kufanana ndi ya pabokosi.

Pathebulo panga pano pali khoti la ubweya lotuwa limene ndaphwasula dzulo, la mayi wina mphunzitsi amene anabwera kudzafuna bulauzi yothina ya pachithunzi. Tinakambirana nthawi yaitali, ndinamuveka kajekete ka mng'ono wanga kaja n'kumuuza kuti akweze dzanja ngati akulemba pamwamba pa bolodi. Anakweza, anatsitsa, anakwezanso. Bulauzi ya pachithunzi ija tidzasoka chinkhoswe cha mwana wawo chikayandikira. Ya panopa ndalemba kale mizere ya layiningi ndi choko, ndipo mawa ndikupita kumsika kukasaka chikwama chakutha cha tcheni yopyapyala.